Mmene kutentha kumayendera ndi chifukwa chake chisanu chimawaula m'madimba

Kutentha nthawi zonse kumachoka pa chinthu chotentha kupita pa chozizira, mpaka ziwirizo zitafanana. Kumayenda m'njira zitatu.

Yoyamba ndi yokhudzana. Supuni yachitsulo ikakhalitsa mumphika wa pamoto imawotcha dzanja, pamene mthiko umagwirika bwinobwino. Chitsulo chimadutsitsa kutentha msanga, koma mtengo ndi udzu wouma zimachedwetsa. N'chifukwa chake nyumba ya malata imatentha masana n'kuzizira kwambiri usiku kusiyana ndi yofolera udzu.

Yachiwiri ndi yotengedwa ndi madzi kapena mpweya. Mpweya ukatentha umapepuka n'kukwera, monga umachitira utsi. Ukazizira umalemera n'kutsika.

Yachitatu ndi ya cheza. Umu ndi mmene kutentha kwa dzuwa kumatifikira, ndiponso mmene timamvera moto powotha popanda kuukhudza.

Njira zitatuzi ndizo zimabweretsa chisanu kuno ku Angónia. Ulongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri. Masana nthaka imasunga kutentha kwa dzuwa, usiku n'kukutaya mwa cheza. Mitambo imabweza kwina mwa kutenthako, koma kumwamba kukayera mbee, mphepo n'kukhala bata, kumathawa kochuluka. Mpweya wapafupi ndi nthaka umazizira, n'kutsetsereka ngati madzi kukadikha kudambo, komwe kuli madimba. Kuzizira kukapitirira madigiri 0, madzi a m'masamba amaundana n'kuwononga mkati mwa tsamba. Dzuwa likatuluka, kachewere, tomato ndi nyemba zimaoneka ngati zawauka ndi moto, pamene kabichi amapirira.

Mlimi angachepetse vutoli motere:

Thirirani masana dzuwa likadalipo. Nthaka yonyowa imasunga kutentha kochuluka kuposa youma, n'kumakutulutsa usiku.

Musapalire kapena kutipula masiku amene chisanu chikuyembekezeka. Nthaka yotipula imakhala ndi mpweya wambiri, ndipo kutentha kwapansi kumalephera kukwera.

Fundikani nazale madzulo ndi udzu kapena masaka, pamwamba pa mbande, ndipo muvundukule m'mawa kuti dzuwa lifike panthaka.

Bzalani mbewu zosapirira chisanu chakumtunda kwa dimba. Mpanda wothithikana wa kumunsi umatsekereza mpweya wozizira, choncho muusiyire mipata yotulukira.