Tayala Loonda, Tayala Lonenepa: Mmene Ampikisano wa Njinga Anabwerera Kumene Anachokera

Kuyambira m'ma 1970 mpaka cha m'ma 2010, aliyense wodziwa za mipikisano ya njinga zakapalasa ku Ulaya akanakuuzani mosaphethira kuti tayala lizikhala loonda, ulipope mpaka lilimbe gwa, basi njinga iuluka. Amakaniko ankanena zomwezo, magazini ankalemba zomwezo, mafakitale nawo n'kumapanga matayala a mamilimita 23, 20, ena mpaka 18. Lero anyamata a ku Tour de France akuyendera matayala a mamilimita 28 kapena 30, ampweya wocheperako, ndipo palibe amene akudandaula kuti akuchedwa. Chimene chikuoneka ngati nzeru yatsopanochi, dokotala wina wa ziweto anachiona ndi maso ake pabwalo la nyumba yake mu 1887.

Njinga zoyamba kukhala ndi mapedulo, zimene a Michaux ankapanga ku Paris m'ma 1860, zinali ndi magudumu amatabwa okulungidwa ndi chitsulo. Pamisewu ya miyala ya nthawi imeneyo wokwera ankamva mwala uliwonse mumsana. Kenako kunabwera matayala a labala yokhayokha, opanda mpweya mkati, pamodzi ndi njinga zija za gudumu lakutsogolo lotalika mpaka mita imodzi ndi theka. Gudumu lalikululo linkathandiza pa liwiro komanso linkadumpha timaenje mosavuta, koma ukagwa unkayamba ndi mutu. Mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya Rover, ya tcheni ndi magudumu aang'ono, kholo la njinga zonse tikuzionazi. Ngozi zinachepa, koma kugwedezeka kunabwerera, poti gudumu laling'ono silikhululukira bampu.

Maganizo oika mpweya m'tayala anali atabwera kale. Robert William Thomson wa ku Scotland analembetsa luso limeneli mu 1845, poganizira ngolo zokokedwa ndi akavalo, koma zinangoiwalika. John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto uja, naye wa ku Scotland koma akugwira ntchito ku Belfast, sankadziwa n'komwe za Thomson pamene ankafuna kufewetsa kanjinga ka magudumu atatu ka mwana wake. Anatenga thabwa lozungulira, nazunguliza chubu ya labala m'mphepete mwake, naikuta ndi nsalu yolimba, n'kuipopa. Ndiye anagubuduza thabwalo pabwalo, pambuyo pake n'kugubuduzanso gudumu la labala yolimba lochokera pa kanjinga kaja. La labala yolimba linathera panjira n'kugwa. Lampweya linapitirira mpaka kukagunda kumapeto kwa bwalo. Apa pali mfundo imene anthu anadzaitaya pambuyo pake: tayala lofewalo silinangochepetsa kugwedezeka, linafika patali ndi mphamvu yomweyo.

Dunlop analembetsa luso lake mu 1888. Matayala akewo anali onenepa, osaoneka bwino, ndipo Willie Hume atatulukira nawo pa mpikisano wa ku Queen's College ku Belfast mu May 1889, anthu anamuseka chikhakhali. Anapambana mipikisano yonse inayi imene analowa, kusekako n'kuthera pomwepo. Mu 1891 abale awiri a ku France, André ndi Édouard Michelin, anapanga tayala lotha kuchotsedwa pa limu n'kumatidwa msanga, ndipo Charles Terront anapambana nalo ulendo wa Paris–Brest–Paris, wa makilomita pafupifupi 1,200, m'maola osakwana 72. Pasanathe zaka zingapo labala yolimba inasowa wogula.

Kuti timve chimene chinasokonekera pambuyo pake, tiyenera kuona kumene mphamvu ya miyendo imatayikira tayala likamagubuduka. Malo oyamba ndi m'tayala momwemo. Gawo limene lagunda pansi limaphwatalala, likachoka pansi n'kubwerera mwakale, ndipo izi zimachitika ulendo uliwonse gudumu likazungulira. Labala sibweza mphamvu yonse imene yaipinda. Ina imasanduka kutentha, monga mmene waya amatenthera ukamamupinda uku ndi uku kuti aduke. Tsono matayala awiri akakhala ndi mpweya wolimba mofanana, ndipo anyamula katundu wofanana, malo amene akugunda pansi amakhala aakulu mofanana. Chosiyana ndi maonekedwe a malowo. Pa tayala loonda amakhala aatali ndi opyapyala, pa lonenepa amakhala aafupi ndi otambalala. Malo aataliwo akutanthauza kuti tayala lalowa kwambiri, lapindika kwambiri, ladya mphamvu yambiri. Choncho pa mpweya wofanana, tayala lonenepa ndilo limagubuduka mopepuka. Ubwino wa loonda unali wakuti limalola kupopedwa kwambiri, n'kuchepetsa kupindikako.

Malo achiwiri ndi m'thupi la wokwera. Tayala lolimba likagunda kamwala, njinga yonse pamodzi ndi munthu zimanyamuka pang'ono. Minofu, matumbo, manja, zonse zimanjenjemera, ndipo mphamvu yonjenjemeretsayo yachokera m'miyendo momwemo, sibwereranso. Tayala lofewa limangomeza kamwalako, njinga n'kupitirira osadumpha. Dunlop anaona zimenezi pabwalo paja ngakhale analibe masamu ake.

Kwa zaka zambiri anthu ankayendera matayala otakata ndithu. Ku France, Paul de Vivie, amene ankalemba m'dzina la Vélocio, ankalimbikitsa matayala onenepa a nsalu yofewa, ndipo okonda maulendo ataliatali a m'ma 1930 mpaka 1950 ankayendera a mamilimita pafupifupi 40. Ku America kampani ya Schwinn inatulutsa matayala otupa a mainchi opitirira awiri mu 1933, omwe achinyamata a ku Marin County ku California anadzawatola m'ma 1970 n'kumatsetsereka nawo m'mapiri, chiyambi cha njinga zam'mapiri. Koma mipikisano yapamsewu inalowera kwina. Misewu ya ku Ulaya inali itathiridwa phula, tayala loonda linali lopepuka ndiponso losagwira mphepo, ndipo mu 1975 Michelin inatulutsa tayala loonda la Elan lolowa pa limu ya kampani ya Mavic, moti ngakhale munthu wamba anatha kugula zoonda ngati za akatswiri. Pofika m'ma 1990 mpweya wa 120 psi (muyeso wa kulimba kwa mpweya m'tayala) unali wamasiku onse. Tayala la galimoto yaing'ono limayendera pafupifupi 30.

Zinthu ziwiri zinalimbitsa chikhulupiriro chimenechi, ndipo zonse zinali zonyenga. Choyamba ndi kayesedwe. M'mafakitale ankayesa tayala poligubuduza pa mgolo wachitsulo wosalala, pamwamba palibe munthu, pali chitsulo cholemera basi. Pamenepo ukamawonjezera mpweya, mphamvu yotayika imangotsikabe, chifukwa palibe bampu ndipo palibe thupi loti linjenjemere. Makinawo ankanena zoona, koma ankayeza theka la nkhani. Chachiwiri ndi thupi lenilenilo. Njinga ikamathamanga imanjenjemera mofulumira, ndiye tayala lolimba, lomwe limanjenjemera ngakhale pa liwiro lochepa, limamveka ngati likuthamanga. Katswiri akapatsidwa tayala lofewa ankabwera n'kunena kuti njinga yafa. Palibe amene ankamutsutsa, poti ndiye mwini miyendo.

Amene anayamba kugwedeza mtengowu sanali a m'mafakitale akuluakulu. Mu 2006 Jan Heine ndi anzake a magazini ya Bicycle Quarterly ku Seattle anayesa matayala mwanjira yosavuta: munthu akwere njinga, atsetsereke pamtunda wa msewu weniweni osapalasa, ena agwire wotchi. Anapeza kuti kuwonjezera mpweya sikunkapindulitsa monga mmene mgolo unkanenera, kuti matayala onenepa sankatsalira, ndiponso kuti chachikulu koposa chinali kufewa kwa nsalu ya tayalalo. Pambuyo pake anayesanso pa timabampu tija ta m'mbali mwa msewu todzutsa madalaivala osinza, n'kuona mphamvu yochuluka ikuthera m'kunjenjemera. Tisabise, Heine anadzayamba kugulitsa matayala onenepa, ndipo amene ankamukayikira anali ndi poyambira. Koma injiniya wina, Tom Anhalt, poyesa payekha anapeza kuti pamsewu weniweni pali malire: ukapopa kupitirira pamenepo, njinga imayamba kulemera m'malo mopepuka. Josh Poertner, yemwe panthawiyo anali ku kampani ya magudumu ya Zipp, anaona zomwezo pokonzekera Paris–Roubaix, mpikisano wa makilomita opitirira 250 wokhala ndi makilomita pafupifupi 50 a misewu ya miyala yoyala. Msewu ukakhala woipa, malire aja amafika msanga, ndipo kupitiriza mpweya kumapweteka kwambiri kuposa kuuchepetsa pang'ono.

Akatswiri sanasinthe tsiku limodzi. Anachoka pa 23 kupita pa 25 monyinyirika m'zaka zoyambirira za m'ma 2010. Chinawatsekereza china chinali njinga zenizenizo, chifukwa mabuleki ogwira pa limu ndi mafulemu othina sankapereka mpata wa tayala lalikulu. Bungwe loyendetsa mipikisano la UCI litavomereza mabuleki a disiki mu 2018, mpata unapezeka, malimu nawo anatakata, ndipo matayala opanda chubu analola kuchepetsa mpweya popanda mantha oti limu iluma chubu. Mu 2024 Mathieu van der Poel anapambana Paris–Roubaix pa matayala a mamilimita 32, pa liwiro la pafupifupi makilomita 48 pa ola, limene mpikisanowo unali usanaonepo. Sitinganene kuti ndi matayala okha. Mphepo ya tsikulo, kadyedwe ndi kapangidwe ka njinga zili ndi gawo lake. Koma zaka 30 m'mbuyomo makaniko akanati tayala lotero ndi la wopita kumsika.

Pali pomwe kunenepa kumalekezera phindu. Tayala lalikulu limalemera, ndipo likatakata kuposa limu yake limagwira mphepo, chomwe ndi mdani wamkulu wa munthu wothamanga makilomita 45 pa ola. M'mabwalo a mpikisano a matabwa osalala, kumene kulibe bampu ngakhale limodzi, matayala oonda olimba akadali mafumu, ndipo m'pomveka, poti bwalo lotero ndi mgolo uja wa kufakitale.

Kwathu kuno mkangano wonsewu unatidutsa pambali. Njinga zakuda zija zimene Raleigh inkapanga ku Nottingham, kenako Hero ndi Avon ku India ndi Phoenix ku China, zakhala zikuyendera tayala la 28 x 1½, lomwe ndi la mamilimita pafupifupi 40, kuyambira kalekale. Pa kunenepa, wakabaza wa ku Salima kapena ku Mchinji anali kale pomwe Azungu akufika lero. Kusiyana kuli pa nsalu: matayala athuwa ndi a labala yokhuthala, opangidwira kupirira minga ndi katundu, choncho amadya mphamvu ngakhale ali otakata. Ndipo wonyamula matumba a makala kapena munthu pa kaliyala asanamizidwe kuti aphwetse tayala lakumbuyo. Katundu wolemera amafuna mpweya wambiri, apo ayi limu iluma chubu pa dzenje loyamba n'kusiya timabowo tiwiri togundizana.

Amene nkhaniyi ikuwakhudza kwenikweni ndi inu ogula njinga zampikisano zakale zobwera kuchokera kunja, zambiri zili ndi matayala a mamilimita 23. Pa phula lathu lokumbikakumbikali tayala limenelo likukudyerani mphamvu komanso msana. Yezani mpata wa pakati pa tayala ndi fulemu, muikemo lalikulu limene lingalowe popanda kukhula, ndipo popopa muzilekeza lisanafike polimba gwa.