Mbusa Wosaka Abakha ndi Mfuti za Asilikali

Omvera amene anakulira kumudzi akuidziŵa mfuti ya gogodela, ija yothira wonga kukamwa ndi kuika fataki kumbuyo. Ambiri amayesa kuti fataki anabadwira ku nkhondo, koma ai ndithu: chiyambi chake chili m'madambo a abakha, m'dziko la Scotland.

Kumeneko, pamudzi wa Belhelvie kufupi ndi Aberdeen, kunali mbusa wa mpingo dzina lake Alexander John Forsyth, amene ankakonda kusaka mbalame za m'madzi. Mfuti za masiku amenewo zinali zoyatsira mwala. Munthu akakhethemula, mwala unkakhula chitsulo, nthethe za moto nkugwera pa wonga wochepa wa m'kambale ka kunja, ndipo moto uja ukaloŵa m'kati mpamene chipolopolo chinkatuluka. Kuchedwa kwake kunali kwa kamphindi chabe, koma bakha ndi wochenjera: akangoona kung'anima, ankamira kapena kuuluka. Tsono kukagwa mvula, mfutiyo inkangosanduka ndodo.

Forsyth anayesa mankhwala ena amene amaphulika akangomenyedwa, osadikira nthethe, ndipo anapanga kachipangizo koyatsira wonga ndi mankhwalawo. M'chaka cha 1806 mkulu woyang'anira zida za boma la Britain, Lord Moira, anampatsa malo ku Tower of London kuti apitirize ntchitoyo. Koma mkuluyo atachoka pampando, womloŵa m'malo, Lord Chatham, sanaone phindu lake, ndipo mbusayo anauzidwa kuti asamuke ndi katundu wake.

Amene anamlandira ndi alenje. M'chaka cha 1807 Forsyth analandira chikalata choletsa ena kutengera luso lakelo, ndipo pambuyo pake anatsegula sitolo ya mfuti mumsewu wa Piccadilly ku London. Olemera okonda uzimba anayamba kugula. Amisiri ena, poona kuti malonda akuyenda, anafunafuna njira zawo zolambalala chikalata chija; mmodzi wa iwo, Joseph Manton, anafika mpaka kubwalo la milandu, kumene Forsyth anapambana. M'kulimbirana makasitomala kotereku ndimo munatuluka kachisoti kamkuwa kokhala ndi mankhwala m'kati, kamene kanafala m'zaka za m'ma 1820. Ameneyo ndiye fataki.

Nthaŵi yonseyi asilikali anali chikhalire ndi mwala wawo. Nkhondo ya ku Waterloo ya mu 1815 inamenyedwa ndi mfuti zakale zomwe zija. Sitinganene kuti akuluakulu ankhondo anali opusa. Mlenje amagula mfuti imodzi ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo ikamkhumudwitsa wataya bakha basi. Boma limagula mfuti zikwizikwi, liyenera kuphunzitsanso msilikali aliyense, ndipo likalakwitsa limataya miyoyo. Choncho linadikira, alenje nkumalipira zoyesayesa zonse pafupifupi zaka makumi atatu.

Mu 1834, ku Woolwich, mfuti za mitundu iŵiriyi zinayesedwa pamodzi, ndipo zinaoneka poyera kuti ya fataki sinkakana moto kaŵirikaŵiri monga ya mwala. Pofika 1839 boma linali litayamba kusintha mfuti zake. Moto umene unatentha nkhokwe ya zida ku Tower of London mu 1841 unawononga mfuti zakale zambirimbiri, kotero kuti mu 1842 panatuluka mfuti yatsopano yopangidwira fataki kuchokera pachiyambi. Patapita zaka, maiko a ku Ulaya atapeza zida zina zoposa izi, mfuti zothira wonga kukamwa zinagulitsidwa kwa amalonda, ndipo zambiri zinafika kuno ku Africa kudzera kugombe la nyanja yamchere.

Nanga mbusa uja? Iye anabwerera ku mpingo wake wa Belhelvie, kumene anatumikira kufikira imfa yake mu 1843. Boma linali litampatsa mapaundi 200 okha. Mapaundi ena 1,000 anavomerezedwa mochedwa, ndipo anagaŵana ndi abale ake, mwini wake ali kale m'manda.