Wonga ndi Lamulo m'Mbali mwa Nyanja ku Salima

M'zaka za m'ma 1800, m'mbali mwa nyanja ku Salima munkadutsa amalonda a Chiyao ndi Chiswahili. Iwo ankagula minyanga ya njovu ndi akapolo, nalipira nsalu, mfuti ndi wonga. Mfumu yokhala ndi wonga wambiri ndiyo inkaopedwa, pakuti mfuti yopanda wonga ndi ndodo chabe.

Pangano la ku Brussels la 1890 linaika malire pa malonda a zidazi mu Afirika. Komatu Angerezi, atakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891, sanasowe zipolopolo, ndipo anagonjetsa nazo mafumu monga Makanjira wa kutsidya kwa nyanja.

Dziko lino litalandira ufulu, lamulo la 1967 linaletsa kugula kapena kusunga mfuti ndi zipolopolo popanda chilolezo. Maganizo ake ndi akale omwe aja: wosunga wonga ndiye mwini mfuti.