Zinayambira Kuti? Kukazinga Masamba pa Moto wa Gasi

FUNSO: Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg wandibweretsera chowotchera nyama cha gasi, chija chophikira panja. Akuti ndizikazingirapo masamba mofulumira uku ndikutakasa. Kaphikidwe kameneka kanachokera kuti, nanga bwanji kakufuna panja? (Mayi wa ku Zomba)

YANKHO: Mayi, kwawo kwa kaphikidwe kameneka ndi ku China. Buku lakale la zaulimi ndi zakudya lotchedwa Qimin Yaoshu, lomwe Jia Sixie analemba m'zaka za m'ma 500, limafotokoza kale za kukazinga mazira uku akutakasa m'poto wotentha. Koma m'makomo a anthu wamba kanafala mochedwa, makamaka mu ulamuliro wa Ming, kuyambira 1368 mpaka 1644. Olemba mbiri ya zakudya ambiri amati kuvuta kwa nkhuni m'mizinda kunathandiza: ukaduladula ndiwo ting'onoting'ono, moto wa mphindi zochepa umakwana.

Chida chake ndi wok, chitsulo chopyapyala cholowa pakati ngati chiwaya cha anyamata a tchipisi. Pansi pake pamatentha koopsa, m'mbali mumatentha pang'ono, ndiye wophika amakankhira m'mbali zomwe zapsa n'kugwetsera pakati zosapsa.

Nkhani yonse yagona pa madzi. Kabichi kapena tchainizi ndi madzi magawo oposa 90 pa 100. Madzi amawira pa madigiri 100, koma kufiirira kuja kobweretsa fungo lokoma kumayamba kutentha kukafika cha pa madigiri 140. Wasayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndi amene anafotokoza zimene zimachitika pamenepa mu 1912. Moto ukakhala wofooka, kapena mukadzaza poto, masamba amalira madzi n'kuyamba kuwira m'msuzi wake womwe, mapeto ake mumapakula zolobodoka, zosuluka mtundu. Moto ukakhala waukali, madziwo amauluka asanadikhe, ndipo kabichi amafika m'mbale akadali wobiriwira, wolira pa dzino. Ine zimandiwawa kuona masamba abwino a kudimba akuphikidwa mpaka kufa, pamene mphindi zitatu zikanakwana.

M'malo odyera a ku Guangzhou ndi Hong Kong amagwiritsa ntchito moto woposa wa chitofu cha m'nyumba kangapo konse, ndipo utsi wake sungakhalike m'khitchini ya pakhomo. Ichi n'chifukwa chake mwana wanu akunena zapanja. Ngati chowotchera chanucho chili ndi kambaula ka m'mbali, ikani poto pamenepo, chifukwa pa waya pamwamba lawi limakhala kutali. Dulirani zonse moto usanayake. Yambani ndi zolimba, karoti ndi zitheba, kenako anyezi ndi kabichi, tchainizi kumapeto. Muzithira zodzaza manja awiri basi pa ulendo umodzi, ndipo mchere ubwere mochedwa poti umakoka madzi.

Mumufunsenso mwanayo za skottel. A ku South Africa ali ndi chimbale chawo chokazingira pa gasi, chomwe chinayambira ku zimbale zakutha za makasu a thirakitala m'mafamu.

FUNSO: Nanga zoviika masamba mu ufa wa tirigu n'kuwamiza m'mafuta ambiri, anayambitsa ndani? (Bambo wa ku Chipata)

YANKHO: Bambo, kumiza chakudya m'mafuta otentha kulibe mwini mmodzi. Amwenye ali ndi pakora, a ku gombe la Chiswahili ali ndi mandazi, amene kuno timati mandasi. Koma ulendo wodziwika bwino wa masamba ndi wa tempura. Apwitikizi anafika ku Japan mu 1543, ndipo patapita zaka doko la Nagasaki linadzaza ndi amalonda ndi ansembe awo. Anthu amenewa anali Akatolika, ndipo masiku osala nyama ankadya nsomba ndi masamba zoviika mu ufa n'kukazinga. Mpaka lero ku Portugal amakazinga zitheba motero, n'kumazitcha peixinhos da horta. A ku Japan anatengera luso limeneli n'kulipepuza: ufa wosungunula m'madzi ozizira, wongotakasa pang'ono, kuti chikutiro chikhale chopyapyala.

Mu mzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, tempura chinali chakudya cha mumsewu, chogulitsidwa pa timisasa. Nyumba zinali za matabwa ndi mapepala, ndipo moto unkapsereza mzindawo kawirikawiri, choncho mafuta owira malo ake anali panja. Nzeru imeneyi sinakalambe.

Mafuta afike madigiri 170 mpaka 180. Donthezani kaufa pang'ono: kakamira pang'ono n'kuyandama msanga kakuthetheka, ndiye kuti apsa. Akazizira, chakudya chimamwa mafuta. Musapitirize theka la poto, pukutani masamba aume, ndipo khalani kutali ndi denga la udzu. Mafuta akagwira moto, tsekani gasi n'kuvundikira ndi chivundikiro chachitsulo. Madzi ayi, ngakhale kapu imodzi. Lita imodzi ya madzi imasanduka nthunzi ya malita pafupifupi 1,700, ndipo nthunziyo imamwaza mafuta oyaka pankhope pa wothirayo.

FUNSO: Chowotchera cha gasi chenichenicho chinayamba liti? (Wophunzira wa ku Lilongwe)

YANKHO: N'chaposachedwa, ndipo kwawo ndi ku America. Mu 1910 wasayansi Walter Snelling, pofufuza chifukwa chake petulo amauluka m'thanki, anazindikira mpweya wa propane, umene pambuyo pake anayamba kuuika m'masilinda. Kuwotcha nyama kuseri kwa nyumba kunatchuka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Mu 1952 George Stephen anadula pakati chitsulo chozungulira choyandama panyanja n'kupanga mbaula ya makala yovundikira ya Weber. M'zaka za m'ma 1950 zomwezo, kampani ya Don McGlaughlin inayamba kugulitsa zowotchera za gasi zotchedwa LazyMan.

Masamba amachita bwino pa chowotchera cha gasi: mabiringanya odula mokhuthala, tsabola wobiriwira, anyezi, chimanga chachiwisi. Pakani mafuta pa masambawo, osati pa waya.

Fungo lonunkha la gasi ndi lochita kuthiramo dala. Lamulo lothiramo fungoli linakhwima pambuyo pa ngozi ya mu 1937 ku New London, ku Texas, kumene gasi wosanunkha anadzaza pansi pa sukulu n'kuphulika, ndipo anthu pafupifupi 300 anafa, ambiri mwa iwo ana. Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, amadikha pansi, choncho chowotchera chapanja musachilowetse m'nyumba ngakhale mvula igwe. Musanayatse, pakani madzi a sopo pa paipi ndi polumikizira. Pakatuluka thovu, tsekani silinda, ndipo musayatse mpaka pakonzedwe.