Matabwa a Ming'oma ya ku Slovenia

M'tauni yaing'ono ya Radovljica, m'dziko la Slovenia, muli nyumba yosungiramo zinthu zakale zokhudza ulimi wa njuchi, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1959. Chuma chake chenicheni ndi timatabwa tozilala, totalika pafupifupi masentimita 30, timene kale tinali kumaso kwa ming'oma ya alimi wamba.

Anthu a chigawo cha Carniola sankapachika ming'oma yao m'mitengo. Iwo ankakhoma mabokosi aafupi amatabwa, otchedwa kranjič, nawasanjikiza m'mizere m'kanyumba kofolera bwino kuti njuchi zitetezeke ku chisanu. Popeza mabokosiwo anali ofanana, kunali kovuta kuwasiyanitsa. Tsono unayamba mwambo wojambula zithunzi ndi utoto pa thabwa lakumaso, pamwamba pa khomo lolowera njuchi. Thabwa lakale koposa limene likudziwika lili ndi chaka cha 1758, ndipo likuonetsa Namwali Maria atanyamula mwana wake.

Ena amati zithunzizi zinkathandiza njuchi kuzindikira kwao. Nzoona kuti njuchi zimaona mitundu ina, monga anatsimikizira katswiri wa ku Austria, Karl von Frisch, ngakhale kuti kufiira sizikuona monga akuonera munthu. Komabe nkovuta kukhulupirira kuti njuchi inkalabadira nkhope ya Yobu. Amene ankapindula ndi mwini ming'oma, amene ankadziwa mng'oma uliwonse ndi chithunzi chake, nakhulupiriranso kuti oyera mtima amtchinjirizira njuchi zake ku tsoka.

Poyamba zithunzi zinali za m'Baibulo ndi za oyera mtima, koma pakati pa 1820 ndi 1880, pamene lusoli linafika pachimake, ojambula anamasuka. Pa thabwa lina nyama zakutchire zanyamula maliro a mlenje, kalulu ndi nkhandwe zili pamzere ngati anamfedwa. Pa lina mdyerekezi akunola lilime la mayi wamiseche pamwala. Pa linanso amuna akuponya nkhalamba zachikazi m'chigayo, kunsi kukutuluka atsikana. Nthabwala zambiri zinkagwera akazi, ndipo chodabwitsa nchakuti mmodzi mwa ojambula otchuka anali mkazi, Micka Pavlič wa m'mudzi wa Selca, amene anamwalira mu 1891. Mabuku a mbiri amasimba za mafumu ndi nkhondo zao. Koma zimene mlimi wosaphunzira ankaopa, kuseka ndi kunyoza zinalembedwa pa matabwa amenewa.

Dera lomweli ndi limene linabala Anton Janša mu 1734. Iye anapita ku Vienna kukaphunzira zojambula, koma mfumukazi Maria Theresa inamsankha kukhala mphunzitsi wa ulimi wa njuchi mu 1770. Anamwalira patangopita zaka zitatu. Pomlemekeza, mu 2017 bungwe la United Nations linavomera pempho la Slovenia lakuti pa 20 Meyi pakhale tsiku lokumbukira njuchi pa dziko lonse.

Chimene chinapha mwambowu ndi chitukuko cha ulimi womwewo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Anton Žnideršič anakonza mng'oma waukulu wokhala ndi mafelemu otheka kusolola, kotero kuti mlimi ankafula uchi popanda kuswa zisa. Mabokosi akale anasiyidwa, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ojambula anali atasowa owagula. Matabwa ochuluka anaola ndi mvula, ena anathera pamoto. Amene anatsala anapulumuka chifukwa cha anthu amene ankayenda m'midzi kutolera zimene eni ake ankaziyesa zinyalala. Masiku ano matabwa enieni ndi osowa ndi okwera mtengo, ndipo amene alendo amagula m'masitolo a ku Ljubljana ndi ongotengera, ojambulidwa pa matabwa atsopano.