Kumanga pako kapena kuchita lendi: kusankha malo a webusaiti ya ntchito ya ulangizi kumpoto kwa England

Ntchito yolangiza ndi kuphunzitsa munthu payekha, imene m'Chingerezi amaitcha coaching, ndi njira imodzi imene anthu ochokera ku Africa, kuphatikizapo Amalawi, amapezera ndalama m'mizinda ya kumpoto kwa England monga Manchester, Leeds, Sheffield, Bradford, Liverpool ndi Newcastle. Ena amakonzekeretsa anamwino ochokera kunja mayeso a OSCE, omwe bungwe la Nursing and Midwifery Council limafuna munthu asanalembetsedwe ngati namwino. Amodzi mwa malo ochitirako mayesowa ali ku Leeds. Ena amathandiza ofuna ntchito kulemba CV ndi kukonzekera intavyu, pamene ena amalangiza za bizinesi kapena masewera olimbitsa thupi. Ambiri amayambira pa gulu la WhatsApp kapena tsamba la Facebook, kufikira tsiku limene kasitomala afunsa adiresi ya webusaiti. Pamenepo mlangizi amayenera kusankha chida chomangira webusaitiyo ndi malo oisungira.

Pali zinthu zitatu zimene makampani amakonda kuzimanga mtolo umodzi pogulitsa, koma n'zosiyana. Choyamba ndi domain, dzina limene anthu amalemba kuti afike pa webusaiti. Chachiwiri ndi pulogalamu yomangira masamba, monga WordPress, Wix kapena Squarespace. Chachitatu ndi hosting, kutanthauza malo pa seva, kompyuta imene imakhala yoyaka usana ndi usiku kuti masambawo azioneka. Amene amadziwa za nyumba ku Ndirande kapena ku Area 25 angazimvetse motere: pali wochita lendi m'nyumba yomangamanga, ndipo pali womanga yakeyake pa poloti. Wa lendi amalowa tsiku lomwelo, denga likadontha amaitana landilodi, koma posamuka sanyamula khoma. Womanga yekha amavutika ndi njerwa ndi malata, koma nyumbayo ndi yake.

Dzina lisakhale m'manja mwa wina

Mwa zitatuzi, chotsika mtengo kwambiri ndicho chofunika kuposa zonse. Mayina othera ndi .uk ndi .co.uk amayang'aniridwa ndi bungwe la Nominet, lomwe linakhazikitsidwa mu 1996 ndipo lili ku Oxford, ndipo amagulidwa kudzera m'makampani olembetsa mayina pa mtengo wa pafupifupi £10 pachaka. Mayina othera ndi .mw ndi a Malawi. Kwa mlangizi amene makasitomala ake ali ku Leeds ndi Bradford, dzina la .co.uk limapatsa anthu chikhulupiriro chakuti bizinesiyo ili pafupi. Amene amatumikira anthu a m'mayiko angapo nthawi zambiri amasankha.com.

Vuto lodziwika bwino pakati pa anthu okhala kunja limabwera chifukwa cha chibale ndi chinansi. Mphwake wa mwini bizinesi, kapena mnyamata wa kutchalitchi wodziwa makompyuta, amadzipereka kumanga webusaiti, n'kulembetsa domain pa imelo yake ndi khadi lake la kubanki. Pakapita zaka ziwiri, mnyamatayo wasamukira ku Glasgow, kapena anthuwo sakulankhulananso, ndipo dzinalo likafika nthawi yolipiranso palibe amene akuona uthenga wokumbutsa. Dzina likatayika, imelo ya bizinesi imafa nalo pamodzi, komanso makadi ndi zikwangwani zonse zimene zinasindikizidwa zimasanduka zopanda ntchito. Choncho domain iyenera kulembetsedwa m'dzina la mwini bizinesi, pa akaunti imene iye yekha ali ndi mawu ake achinsinsi, ngakhale womanga webusaitiyo atakhala m'bale wa bere limodzi.

Makampani akuluakulu nawonso amasintha maganizo. Mu 2023 Google inagulitsa nthambi yake yolembetsa mayina, Google Domains, ku kampani ya Squarespace, ndipo mu March 2024 inatseka mawebusaiti aulere amene mabizinesi ang'onoang'ono anapanga kudzera pa Google Business Profile. Amene anali ndi dzina lawolawo anangolilozetsa kwina. Amene ankadalira adiresi yaulere ya Google anayambira pansi.

Nyumba za lendi

Wix, yomwe inayambira ku Israel mu 2006, ndi Squarespace, yomwe Anthony Casalena anaiyambitsa ku United States mu 2003, zimagulitsa pulogalamu ndi hosting pamodzi, pa malipiro a mwezi kapena chaka. Munthu amasankha kaonekedwe, n'kuikamo zithunzi ndi mawu ake, ndipo za chitetezo ndi kukonza seva amazisiyira kampani. Zonse ziwiri zili ndi njira yakuti kasitomala asankhe yekha tsiku ndi ola lokumana ndi mlangizi: Wix ili ndi Wix Bookings, ndipo Squarespace inagula Acuity Scheduling mu 2019. Kwa munthu amene amagwira mashifiti m'chipatala kapena m'nyumba yosamalira okalamba, n'kumalangiza anthu madzulo ndi Loweruka, phindu limeneli si laling'ono, pakuti nthawi yake ndi imene akugulitsa. Kuipa kwake kumaoneka posamuka. Webusaiti ya Wix singanyamulidwe kupita ku kampani ina, iyenera kumangidwanso. Squarespace imalola kutulutsa zina mwa zolemba, koma osati kaonekedwe ka masamba.

Palinso Kajabi, Teachable ndi Thinkific, zimene zinapangidwira ogulitsa maphunziro a pa vidiyo. Zimathandiza amene ali kale ndi maphunziro ojambulidwa ndi ophunzira ochuluka. Kwa woyamba kumene, amene makasitomala ake angawerengedwe pa zala, malipiro ake apamwezi akhoza kudya phindu lonse bizinesi isanaime.

WordPress, mwana wa ku Stockport

Ambiri sadziwa kuti pulogalamu imene imayendetsa mawebusaiti oposa 40 mwa 100 aliwonse padziko lapansi ili ndi mizu kufupi ndi Manchester. WordPress inayamba mu 2003 ndi anthu awiri, Matt Mullenweg wa ku Texas ndi Mike Little wa ku Stockport. Ndi yaulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuisintha ndi kuiika pa seva ya kampani iliyonse imene wafuna. Mpofunika kusiyanitsa WordPress.org, kumene pulogalamuyi imapezeka, ndi WordPress.com, yomwe ndi bizinesi ya kampani ya Automattic yogulitsa hosting.

Ubwino wa WordPress ndi wakuti zonse zili m'manja mwa mwini wake. Zolemba, zithunzi ndi mndandanda wa makasitomala zikhoza kukopedwa n'kusamutsidwira kwina kampani ya hosting ikakweza mtengo. Zofunika zina, monga kalendala, sitolo kapena tsamba la mamembala okhaokha, zimawonjezedwa ndi timapulogalamu totchedwa plugin. Koma timapulogalamu timeneti ndi timenenso akuba a pa intaneti amaloweramo kawirikawiri tikasiyidwa osakonzedwa. Webusaiti ya WordPress ili ngati munda wa kudimba: imafuna woyendera sabata ndi sabata. Mlangizi amene alibe nthawiyo, kapena ndalama zolipira wina kuti aziichita, angachite bwino kukhala pa lendi kusiyana n'kumanga nyumba yopanda chitseko.

Posankha hosting, mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kawirikawiri umakhala wa nthawi yoyamba yokha, ndipo wolipira pambuyo pake umakwera kwambiri. Umenewo ndiwo woyenera kuyerekezera. Hosting yotchipa, imene mawebusaiti ambiri amagawana seva imodzi, ndi yokwanira kwa webusaiti ya masamba asanu kapena khumi. Zoyenera kufunsa n'zakuti kampani imasunga kope la webusaiti kangati, ndipo kulibwezeretsa kumalipiridwa kapena ayi. Ngati satifiketi ya SSL, imene imaika https kutsogolo kwa adiresi, ili mumtengo womwewo, popeza bungwe la Let's Encrypt limaipereka kwaulere. Ndiponso ngati pali munthu woyankha zinthu zikavuta Lamlungu usiku. Mavidiyo sayenera kuikidwa pa seva yotereyi. Amasungidwa bwino pa YouTube kapena Vimeo, n'kumangoonetsedwa pa tsamba.

Kasitomala wa ku Lilongwe si wa ku Leeds

Apa m'pamene mlangizi wa Chimalawi amasiyana ndi mnzake wa Chingerezi. Kwa makasitomala a ku Britain, kulandira ndalama n'kosavuta: Stripe ndi PayPal zimalumikizika ku mapulogalamu onse atchulidwawa, ndipo Stripe imadula 1.5 peresenti kuwonjezerapo 20p pa khadi wamba la ku UK, ndi zochulukirapo pa makadi akunja. Koma munthu wa ku Mzuzu kapena ku Zomba amene akufuna kuphunzira za intavyu nthawi zambiri ndalama zake zili pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo ngakhale ali ndi khadi la kubanki, kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa kuti kulipira m'mapaundi kukhale kovuta. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wooneka wochepa ku Sheffield unasanduka phiri kwa wa ku Malawi. Palibe pulogalamu yomangira webusaiti imene imathetsa yokha vutoli. Mlangizi amayenera kukhala ndi njira yachiwiri yolandirira makwacha, ndi kuilemba momveka pa tsamba la mitengo.

Ambiri ku Malawi amalowa pa intaneti ndi foni, pa bandulo yowerengeka. Tsamba lodzaza zithunzi zikuluzikulu ndi vidiyo yoyamba yokha limatha data munthu asanawerenge mzere woyamba. Kalendala nayo iyenera kusintha yokha nthawi malinga ndi kumene kasitomala ali, chifukwa Malawi amatsogola ndi maola awiri m'nyengo yozizira ya ku Britain, koma ndi ola limodzi lokha kuyambira kumapeto kwa March kufikira kumapeto kwa October.

Zimene lamulo limafuna

Ntchito ya coaching payokha ilibe chiphaso cha boma ku Britain, ngakhale pali mabungwe odzifunira monga International Coaching Federation ndi Association for Coaching. Koma webusaiti imaika bizinesi poyera, ndipo malamulo ena amayamba kugwira ntchito. Amene ali pa viza ya maphunziro saloledwa kudzilemba yekha ntchito. Amene ali pa viza ya Skilled Worker kapena Health and Care Worker ali ndi malire a maola 20 pa sabata pa ntchito yowonjezera, komanso pali zoyenera kukwaniritsa pa mtundu wa ntchitoyo. Kulangiza munthu za viza yake popanda kulembetsedwa ndi mlandu pansi pa lamulo la Immigration and Asylum Act la 1999, ndipo bungwe loyang'anira, lomwe kale linkatchedwa OISC, tsopano ndi Immigration Advice Authority. Mlangizi wa anamwino amene walemba pa tsamba lake kuti amathandizanso za maviza wadziikira yekha umboni womutsutsa.

Mlangizi amasunganso zinsinsi za anthu: mayina, manambala a foni, nthawi zina za thanzi ndi za m'banja. Lamulo la UK GDPR ndi Data Protection Act la 2018 limafuna kuti webusaiti ifotokoze zimene imatolera ndi chifukwa chake. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amayeneranso kulipira ofesi ya Information Commissioner, imene kwa zaka zambiri likulu lake lakhala ku Wilmslow, kummwera kwa Manchester. Kuyambira mu February 2025 malipiro a gulu lotsikitsitsa ndi £52 pachaka. Wogula maphunziro pa intaneti kawirikawiri amakhala ndi masiku 14 osinthira maganizo, malinga ndi Consumer Contracts Regulations za 2013. Ndalama zolowa zikapitirira £1,000 m'chaka cha msonkho, mwini bizinesi ayenera kulembetsa ku HMRC. Webusaiti ya malonda imayeneranso kuonetsa dzina ndi adiresi yeniyeni ya bizinesi, chinthu chimene wogwirira ntchito kunyumba ayenera kuchiganizira asanasindikize tsamba loyamba.

Amene akufuna wokambirana naye maso ndi maso angapite ku malo a Business & IP Centre, omwe British Library imayendetsa mogwirizana ndi nyumba zowerengeramo mabuku za m'mizinda. Ku Manchester, Leeds, Sheffield, Liverpool ndi Newcastle malowa alipo, ndipo amapereka uphungu kwa oyamba bizinesi, kuphatikizapo kufufuza ngati dzina limene munthu wasankha silinalembetsedwe kale ndi wina ngati chizindikiro cha malonda.