Mmene Chigwa cha Mineral King Chinapulumukira

M'mapiri a Sierra Nevada ku California muli chigwa chotchedwa Mineral King. Dzinali linabwera ndi anthu omwe anakhamukirako m'zaka za m'ma 1870 kukafuna siliva. Ambiri anabwerako chimanjamanja, chigwacho n'kukhalanso zii.

Mu 1965 nthambi ya boma yoona za nkhalango inasankha kampani ya Walt Disney kuti imangeko malo a masewera otsetsereka pa chipale chofewa. Ntchitoyo inali ya madola 35 miliyoni. Pankayenera kumangidwa mahotela, malo odyera ndi msewu waukulu wodutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Sequoia, kuti alendo 14,000 azifikako tsiku lililonse.

Bungwe loteteza chilengedwe la Sierra Club linakamang'ala kukhoti mu 1969. Mu 1972 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti bungweli silinasonyeze mmene ntchitoyo ikanapwetekera mamembala ake. Woweruza William O. Douglas anasemphana ndi anzake. Iye anati zigwa, mitsinje ndi mitengo ziyenera kuloledwa kusuma m'dzina lawo, kudzera mwa anthu ozidziwa bwino.

Bungwelo silinagwe ulesi. Linakonzanso dandaulo lake, mlandu n'kupitirira. Chaka chomwecho bwanamkubwa wa California, Ronald Reagan, anasiya kuchirikiza msewu uja, ndipo pulani ya Disney inayamba kuzilala.

Mu 1978 nyumba ya malamulo inaphatikiza chigwachi ku nkhalango ya Sequoia. Mpaka lero alendo amafikako podzera pakamsewu kopapatiza, kokhotakhota, komwe kamatsekedwa m'nyengo yachisanu.